Kodi ndine ndani ngati sindikutumiza kanthu kumudzi?

Masautso:
Moni abale ndi alongo nonse. Ndakhala pa gulu lino miyezi isanu ndikungowerenga, lero ndati ndilankhuleko. Mundipirire, ndilemba zambiri.

Ndinabadwa mu 1992, chaka cha chilala chija, kwathu ndi cha ku Linthipe m'boma la Dedza. Bambo anamwalira mayi ali ndi pakati panga, n'chifukwa chake dzina langali. MSCE ndinalemba kawiri, kawiri konse Chingerezi chinandigwetsa. Mu 2016 tinagulitsa mbuzi za mayi ine n'kukwera basi ya ku Joni. Ndinayamba ndi kutsuka magalimoto, kenako ndinapeza ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ina. Mwezi ndi mwezi ndinkatumiza. Ndinawamangira mayi nyumba ya njerwa zootcha ya malata 26, fizi ya ana awiri a achemwali anga inali pa ine, feteleza chaka chilichonse. Foni yanga sinkazizira. Nkhani ya munda, ya ukwati, ya matenda, ankayamba afunsa kaye ine ndili kutali konseko. Pamaliro akamawerenga chipepeso, dzina langa linkamveka mokweza.

Mu 2022 anandigwira chifukwa cha mapepala. Ndinafika kumudzi ndi jumbo imodzi, munali buluku ndi malaya awiri. Pano ndimapalasa kabaza ku Lilongwe, njinga si yanga, madzulo ndimayamba ndapatula ya mwini wake. Foni ili zii. Chaka chatha amalume atamwalira, akuluakulu atakhala pansi kukambirana za munda, ine anandituma kukabwereka mabenchi. Kutchalitchi ndinayesa kubwererako, koma ndinakumana ndi pepa sande, akuwerenga mayina ndi ndalama zimene aliyense wapereka. Ndinatuluka ngati ndikupita kukataya madzi, sindinabwererenso.

Chandilembetsa ndi ichi. Sabata yatha ndinanyamula mayi ena achikulire a Chigwirizano, atavala zoyera ndi zakuda, akuchokera kumaliro. Pa chitunda anati, “Imani nditsike, tiyende limodzi, mungathyoke msana.” Tikuyenda anafunsa dzina langa. Ndinawauza. Anati, “Nanga mfunda?” Ndinati Mbewe. Titafika anandipatsa ndalama ndi manja awiri, n'kupinda bondo pang'ono, amvekere, “Zikomo a Mbewe, Mulungu akudziwani.” Abale, tsiku lonse ndimamva “Kabaza!”, “Iwe wa njinga!”, “Aise!” Ndinakankhira njinga kuseri kwa mpanda wina n'kulira ngati mwana.

Funso langa: kodi n'zoona kuti pamaso pa Mulungu ndine munthu yemwe uja ndinali ku Joni? Kapena awa ndi mawu amene timauzana osauka kuti tigone tulo? Masiku ena ndimaganiza kuti bola ndikanapanda kubadwa.

Amake Tadala:
Mayo ine, achimwene, mwandiliza. Abusa athu anatenga K2,000 n'kuifinya, kuipondaponda, kenako n'kufunsa kuti ndani akuifunabe. Tonse tinakweza manja. Inunso ndi choncho, mwapondedwa koma mtengo wanu sunasinthe.

Kondwani wa ku Ndirande:
Amwene, ine sindikunamizani. Vesi siigula ufa. Achibale anu sanasinthe, ndi mmene dziko lilili, wopanda kanthu sanunkha kanthu. Limbikirani, sungani pang'onopang'ono mugule njinga yanu, kenako yamoto. Ulemu udzabwera wokha. Ine ndimapemphera, koma ndaona anthu ambiri akutonthozedwa ndi mavesi mpaka kukalamba ali pa lendi.

Mtumiki Gift:
M'bale wanga, vuto lili pa dzinalo. Dzina limalankhula. Munthu sangamatchedwe Masautso tsiku ndi tsiku n'kumayembekeza madalitso. Mukufunika mapemphero a mamasulidwe, dzinalo lisinthidwe, maunyolo a kumtundu aduke. Abramu anakhala Abrahamu, Yakobo anakhala Israyeli. Mundipeze kumbali tikambirane.

Sisita Nabanda:
Ndisanayankhe zina, achimwene, mzere wanu womalizawo wandigwira mtima. Ndine namwino. Maganizo akuti bola ndikanapanda kubadwa akafika poganiza zodzivulaza, musakhale nawo nokha ngakhale usiku umodzi. Uzani munthu. Ku St John of God, ku Lilongwe komweko komanso ku Mzuzu, kuli aphungu a za maganizo, ndipo pa chipatala cha boma chilichonse mukhoza kufotokoza. Amuna ambiri tikuwataya chifukwa chongoti mwamuna salira. Kupita kwa phungu si kuchepa chikhulupiriro. Mutiyankhe kuti muli bwanji lero.

Masautso:
Zikomo asisi. Sindinaganizepo zodzipweteka, kungotopa basi. Koma ndamva, ndipo ndalemba dzina la malowo.

Abusa opuma:
A Mbewe, ndikutchani mmene anakutchulirani mayi aja. Ndatumikira mipingo ya kumidzi zaka zoposa 30 ndipo ndabatiza ana ambiri otchedwa Mavuto, Misozi, Manyozo, Ndaziona, Chisoni. Mayina amenewa si matemberero. Makolo athu analibe mabuku olembamo mbiri, ankailemba pa ana. Mwana wa Misozi amakumbutsa mudzi kuti chaka chimenecho tinalira, koma taonani tinapatsidwa munthu.

A Gift, mwatchula Yakobo. Werenganibe kutsogolo. Atamutcha Israyeli, Mulungu sanachite manyazi kudzitchulabe Mulungu wa Yakobo, dzina lija la wonyenga. Pa 1 Mbiri 4:9 pali Yabesi, mayi wake anamutcha choncho chifukwa anamubala ndi ululu. Lemba likuti anali wolemekezeka kuposa abale ake, ndipo palibe pamene pakunena kuti anasintha dzina. Naomi atabwerera ku Betelehemu wopanda mwamuna, wopanda ana, wopanda kanthu m'manja, anauza amayi a m'mudzi kuti musanditchenso Naomi, nditcheni Mara, chifukwa moyo wandiwawira. Mukawerenga buku la Rute mpaka kumapeto, palibenso amene akumutcha Mara. Wolemba akupitiriza kunena Naomi, Naomi. Iye anadziona ngati wathera pomwepo, koma Mulungu sanavomereze dzina limene anadzipatsa tsiku lowawa lija. A Mbewe, inu mwabwera kuchokera ku Joni ngati Naomi kuchokera ku Mowabu. Dzina limene likukupwetekani si la Masautso ayi. Ndi limene mwadzipatsa nokha mumtima, lakuti wolephera.

Tsono pa funso lanu lenileni. Tsegulani Mateyu 3 kumapeto. Yesu akubatizidwa mu Yordano ali ndi zaka ngati 30. Sanachiritse munthu, sanalalikire, sanadyetse khamu. Anthu akumudziwa ngati mmisiri wa matabwa wa ku Nazarete basi. Ndi pamenepo pamene mawu akuchokera kumwamba akuti uyu ndi Mwana wanga wokondedwa. Asanagwire ntchito. Mutu wotsatira womwewo, Satana akubwera ndi chiyani? Ngati uli Mwana wa Mulungu, sandutsa miyala iyi ikhale chakudya. Kunena kwina, onetsa kuti ndiwe mwana potulutsa chakudya. Liwu limeneli ndi lomwe likukulankhulani usiku: ngati ndiwe mwana wa pakhomo pano, feteleza ali kuti? Yesu anali ndi njala yeniyeni ya masiku 40, koma anakana kuti umwana wake uyesedwe ndi buledi.

Ife a mipingo ya Chirefomu tinatengera chiphunzitso ku Katekisma wa Heidelberg wa 1563. Funso lake loyamba limafunsa za chitonthozo chako pa moyo ndi pa imfa, ndipo yankho limayamba ndi kunena kuti sindili wa ine ndekha, ndine wa Yesu Khristu. Ku kalasi tinkaloweza pamtima kuti tikhoze mayeso a ubatizo. Tanthauzo lake ndinalimva nditapuma ntchito, anthu atasiya kundibweretsera nkhuku ndi kundiimirira ndikamalowa. Chaka choyamba chinandivuta kwambiri, mwana wanga. Ndinazindikira kuti ndinkakonda kolala kuposa mmene ndinkaganizira.

Mtumiki Gift:
Abusa, ndi ulemu wonse, koma zauzimu zimafuna maso auzimu. Ndaona anthu atasintha dzina zinthu n'kuwayendera.

Abusa opuma:
Ndaonanso ena atasintha dzina, atapereka mbewu ya ndalama yomwe anachita kukongola, n'kubwerera kunyumba akudana ndi agogo awo amene anawatcha dzinalo. Munthu wovulala kale tisamuuze kuti mayi ake anamutemberera. Ngati mukufuna kumupempherera, mupempherereni pano poyera, kwaulere.

Nangozo:
Ndakhala ndikulemba n'kufufuta, koma ndilembe basi. Nkhani ya mayinayi yandikhudza kwina.

Ndili pabanja chaka cha 11, mwana sindinagwirepo. Mukudziwa mmene timaitanirana kwathu kuno. Mkazi akangobereka, dzina lake limatha, amakhala amake uje. Pa mjigo, ku chigayo, ku mphakati, aliyense ndi amake Chisomo, amake Yankho. Ine ndekha ndiye ndimaitanidwabe ngati mtsikana. Ena pofuna kundilemekeza amasowa poyambira, amangoti “amayi awa”. Tsiku lina pa chinkhoswe cha mphwanga, amayi akulowa m'nyumba kukalangiza, mmodzi anandigwira mkono pakhomo mwaulemu ndithu, amvekere, “Inu tathandizani kuyang'anira mapoto.” Ndinakhala pa mafuwa ndikutakasa nyemba, utsi unandithandiza kubisa misozi.

Anthu abwino ambiri anandiwerengera nkhani ya Hana. Ndimaikonda, koma inafika pondilemera, chifukwa Hana pamapeto pake anabereka Samueli. Sara anabereka. Elizabeti anabereka. Nkhani iliyonse inkathera pa mwana, ngati kuti Mulungu amamukonda mkazi pomupatsa mwana basi, ndipo amene sanapatsidwe ndiye kuti akadali pamzere. Nanga ndikafa ndili pamzerepo, ndiye kuti moyo wanga wonse unali kudikira?

Chinandimasula ndi Yesaya 56, ndipo ndinachipeza ndekha usiku wina ndikusowa tulo. Mulungu akulankhula ndi mfule, munthu woti sadzabereka mpaka kalekale. Akuti asadzitche mtengo wouma. Sakumulonjeza mwana. Akumulonjeza malo m'nyumba mwake ndi dzina loposa ana aamuna ndi aakazi, dzina losafafanizika. Ndinawerenga katatu. Dzina! Chinthu chomwecho chimene ndinkachisowa pa mjigo. Kenako bambo mfumu wina anandionetsa kuti nduna ya ku Itiyopiya ija ya pa Machitidwe 8, imene Filipo anaipeza pa galeta, inalinso mfule, ndipo inkawerenga Yesaya 53. Mitu itatu yokha kutsogolo, ikanapeza lonjezo lake. Ndimakhulupirira kuti itabatizidwa inapitiriza kuwerenga pa ulendo wobwerera kwawo.

Sindikunena kuti zinasiya kuwawa. Mwezi uliwonse zimawawa. Alamu anga ena mpaka lero amauza amuna anga kuti akayese kwina. Koma ndinasiya kupepesa chifukwa chokhala ndi moyo. Ku mphakati ndimaphunzitsa ana a tilitonse, ndipo sindichita zimenezi kuti ndilipire ngongole ya kusabereka. Poyamba ndinkatero, ndinkagwira ntchito ya mpingo ngati wolipa mlandu. Pano ndimachita chifukwa ndimawakonda anawo.

A Mbewe, inu munkabereka ndalama, ine ndinkayenera kubereka ana. Tonse anatiyeza ndi zotuluka mwa ife. Muyezo umenewo si wa Mulungu.

Amake Tadala:
Achemwali Nangozo, mundikhululukire. Dzina limene ndimalembera pano lomweli, sindinaganizepo kuti lingamulase wina.

Nangozo:
Ayi asisi, musalisinthe. Tadala ndi dalitso lanu, kondwerani naye. Kungoti mukakumana ndi mnzanga wonga ine, mufunseni dzina limene amakonda kuitanidwa.

Chikondi M.:
Amake Tadala, fanizo la K2,000 lija ndikudziwa mwalinena ndi mtima wabwino, koma ine limandivuta, ndipo ndifotokoze chifukwa chake.

Ndine munthu wachialubino. Ndakula ndikumva napweri, mzungudala. Zimenezo ndinazizolowera. Koma kuyambira cha m'ma 2014, pamene kuphedwa ndi kufukulidwa kwa anzathu kunachuluka, dzina linasintha. Ndikudutsa pa msika anyamata ankakuwa kuti, “Ndalama izo zikuyenda!” Ena akuseka. Ndinali ndi zaka 17. Mayi anandiletsa kupita kukatunga madzi, bambo ankagona pakhomo ndi chikwanje. Ndiye munthu akandiuza kuti ndine wa mtengo wapatali, thupi langa limachita tsembwe, chifukwa alipo anthu amene anandiikadi pa mtengo. Anawerengera mafupa anga.

Komanso ndalama mtengo wake amaika ndi anthu. Mu November 2023 tinadzuka m'mawa kumva kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. K2,000 yomweyo, yosafinyika n'komwe, inasiya kugula zimene inkagula dzulo lake. Ngati ndili ngati ndalama, ndiye kuti mawa wina akhoza kunditsitsa.

Chimene chinandiimika ine ndi Genesis 1:27. Sindine katundu wodula, ndine chifaniziro. Chifaniziro sachigulitsa pa kilo. Ndi Yohane 9, pamene ophunzira anaona munthu wobadwa wosaona n'kufunsa kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake. Funso lomwelo anawafunsa mayi anga nditabadwa. Achibale a bambo ankati anayenda ndi mzungu, ena ankati anaseka mwalubino ali ndi pakati. Yesu anayankha kuti sanachimwe iyeyu kapena makolo ake. Mayi anga sadziwa kuwerenga, koma ndime imeneyi amainena pamtima, ndipo ndi imene inawaletsa kundibisa m'nyumba. Ankandibereka kumbuyo, kundiveka chipewa, n'kukakhala nane kutsogolo kwenikweni m'tchalitchi, ati kuti ndizionako bwino pa bolodi la nyimbo. Ndakula ndikudziwa kuti kutsogolo kuja ndi malo anga.

Mu 2021 a Overstone Kondowe atasankhidwa kukhala phungu ku Nkhotakota, munthu woyamba wachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino, ndinasangalala kwambiri. Koma ndinadzifunsanso kuti, kodi tiyenera kufika ku Nyumba ya Malamulo kuti tiwerengedwe anthu? Nanga mnzanga wa kumudzi amene sanapite kusukulu chifukwa sankaona pa bolodi? Iyenso ndi chifaniziro, lero lomwe, asanachite chilichonse chotchuka.

Kondwani wa ku Ndirande:
Achemwali Chikondi, apa ndangoti chete. Koma funso langa likadalipo. Zonsezi n'zabwino mumtima, nanga kunja? Munthu akakhutira kuti Mulungu amamukonda mmene alili, sangokhala pansi n'kulola kuponderezedwa? Ndi zimene ndimaopa ine. Chipembedzo chimagonetsa anthu.

Aphunzitsi a Kamanga:
A Kondwani, mbiri ya dziko lathu lomweli ikukutsutsani. Munthu amene nkhope yake ili pa K2,000 imene tikukambayi ndi mbusa. John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, n'kubwera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Ankalimbikitsa anthu ake kuphunzira, kugwira ntchito za manja ndi kuvala mwaulemu, pa nthawi imene pa minda ya atsamunda ku Magomero anthu ankagwira thangata ndi kumenyedwa. Chinamupatsa mphamvu yokana zimenezo n'chiyani? Anawerenga m'Baibulo kuti munthu wakuda ndi chifaniziro cha Mulungu chimodzimodzi mzungu. Mu 1914 analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafa pa nkhondo yosawakhudza. Za kuukira kwa mu January 1915 anthu amaziona mosiyanasiyana, ndipo si nkhani ya lero, koma palibe anganene kuti chikhulupiriro chinamugonetsa.

Ndiye a Mbewe, chaka chimene munabadwacho sichinali cha chilala chokha. Pa 8 March 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Ndinalimo ine, ndili mnyamata. Inanena za malipiro ochepa a antchito, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za anthu omangidwa popanda mlandu, za mantha olankhula. Maziko ake onse anali amodzi: munthu aliyense ali ndi ulemu wochokera kwa Mulungu, osati kwa boma. Anthu tinatuluka m'tchalitchi tikuyang'anana. Pa 14 June 1993 tinaponya voti ya riferendamu. Munthu amene wadziwa kuti ulemu wake sanaupatsidwe ndi bwana, bwanayo sangamuopseze kuti amulanda. Amene amagona ndi uja amakhulupirira kuti ndi wachabechabe, chifukwa amati zimene zikundichitikirazi n'zondiyenera.

Kondwani wa ku Ndirande:
Aphunzitsi, ndamva. Sindinagonje kwenikweni, koma ndamva. Njinga yake agulebe.

Abusa opuma:
Agule ndithu, ndipo Paulo amene analemba za chisomo ndi yemwenso ankasoka mahema. Kusiyana kwake n'kwakuti agule njingayo ngati mwana wa pakhomo amene akufuna kuthandiza, osati ngati waganyu amene akuopa kuchotsedwa.

Mkulu wa mpingo, Area 25:
Ndiyankheko za pepa sande, chifukwa ine ndakhalapo pa komiti ya zomangamanga. Abale, tchalitchi sichimangidwa ndi aleluya. Simenti yakwera, malata akwera. Tikapanda kuwerenga mayina, ena amati komiti yadya ndalama. Timawerenga kuti zinthu zikhale poyera, osati kuti tinyoze munthu.

Sisita Nabanda:
Akulu, cholinga n'chabwino, koma taonani chipatso chake: munthu anatuluka ndipo sanabwerere, ndipo palibe anamulondola. Yakobo 2 akunena za wovala mphete yagolide amene timamupatsa mpando wabwino, wosauka n'kumuuza kuti ima uko. Ife sitinena ndi pakamwa, timanena ndi m'manja. Wa K100,000 timamuombera mpaka nthungululu, wa K500 timadikira dzina lotsatira. Bwanji osangolengeza zonse pamodzi, kaundula n'kumuika poti wofuna akaone? Yesu anakhala pafupi ndi mosungira zopereka, ndipo amene anamutchula ndi mayi wamasiye wa timakobiri tiwiri.

Mkulu wa mpingo, Area 25:
Mawu akuti palibe anamulondola andilasa. Kwathu timati kali kokha n'kanyama, koma tikamuona munthu wasowa masabata atatu timayamba tafunsa ngati anamaliza pleji yake. Ndikakamba ndi anzanga pa bwalo la akulu. Sindikulonjeza kuti avomera.

Tiyamike:
Ine ndingowonjezera pang'ono. Ndinadulidwa mu mpingo ndili ndi zaka 19 chifukwa cha mimba. Mnyamatayo anasamukira ku mpingo wina, nkhani yake inathera pomwepo. Ndinabwezeredwa patapita nthawi, koma kwa zaka zambiri ndinkadziona ngati Mkhristu wa kumbuyo. Amene anandichiritsa ndi mayi mmodzi wa Mvano amene Lamulungu lililonse ankasiya malo ake n'kudzakhala nane pa benchi yomalizira, n'kumandinyamulira mwana. Sanandilalikire ngakhale tsiku limodzi. Mavesi onse mwalembawa ndi oona, koma ine ndinawakhulupirira chifukwa wina anadzakhala pambali panga. A Mbewe, mayi aja anatsika pa chitunda ndi ulaliki womwewo.

Masautso:
Abale, pepani ndinasowa masiku awiri, bandulo inatha. Ndawerenga zonse, zina kangapo. Achemwali Nangozo ndi achemwali Chikondi, sindikudziwa ndinene chiyani. Ndinkaona ngati ndine ndekha.

Mawu a abusa akuti makolo ankalemba mbiri pa ana anandisowetsa mtendere, moti dzulo madzulo ndinagula mayunitsi n'kuimbira mayi. Ndiulule apa: panali patatha miyezi isanu ndi itatu ndisanawaimbire. Ndinalemba kuti foni ili zii, ndipo n'zoona kuti ambiri anasiya kundiimbira. Koma mayi alibe foni yawoyawo, amadikira ine ndiimbe pa ya achemwali. Amene anasiya ndi ine. Ndinkati ndiimba ndikapeza kangachepe kotumiza, ndisaimbe chimanjamanja.

Atamva mawu anga anakhala kaye chete, kenako anati, “Masa, uli moyo?” Ndinati ndili moyo, kungoti ndinalibe chokutumizirani. Amvekere, “Kodi kufulasha kumafunanso ndalama? Ine ndimagona ndikuganiza kuti mwina galimoto inakugunda.” Ndinasowa choyankha.

Ndinawafunsa za dzina. Akuti anatcha ndi agogo anga aakazi, maliro a bambo asanathe n'komwe m'mitima mwawo. Akuti chaka chimenecho ankadzuka usiku kukaima pamzere wa chimanga chachikasu cha thandizo, ine ndili kumbuyo, ndipo amayi ena ankawauza kuti kamwanaka sikafika nthawi yokolola. Ndiye anati, “Masautsowo anali athu, iwe unangobadwiramo. Ukanapita iwe, ine ndikanatsala ndi chiyani?” Nthawi imeneyo ndinali ndisanatumizepo ngakhale tambala. Ndinali kamwana kodwaladwala kongodya basi.

Sindinama kuti zonse zatheka. Alamu anga atalandira foni anangoti “ee, muliko” n'kupatsira ena. Lero m'mawa wina wandikuwira “iwe wa njinga” ndipo zinandibayabe. Koma popalasa ndimanena mumtima mawu aja a pa Yesaya 43, akuti ndakuitana ndi dzina lako, ndiwe wanga, ndipo ndimaikamo dzina langa lonse, Masautso Mbewe, osachotsapo kanthu. A Gift, zikomo pondiganizira, koma dzinali ndikhala nalo.

Akulu a ku Area 25, Lamulungu likubwerali sindikhala m'tauni, koma linalo ndikayesanso kulowa m'tchalitchi cha kufupi ndi kwathu kuno. Ndikakhala kumbuyo kaye.

Tiyamike:
Kumbuyoko kulinso anthu, achimwene. Mukayang'ane amene wakhala yekha.

Abusa opuma:
Mukapita kumudzi mukawapatse moni mayi, a Mbewe. Mukawauze kuti m'busa wina wokalamba wamva mawu awo ndipo akawagwiritsa ntchito.

Kondwani wa ku Ndirande:
Amwene, mukupita liti ku Dedza? Ndipo njinga yogwiritsidwapo kale ntchito, yolimba bwino, ikupita pa zingati kumeneko? Ndifunseko anzanga awiri atatu pano, mwina tingakusonkhereni poyambira. Mudzabweza mukadzapeza.

Masautso:
Loweruka m'mawa, ndikwera minibasi ya ku Dedza ndikatsikire pa Linthipe. Za njinga ndifunsa kwa amakaniko a pa siteji mawa ndikuuzani, zikomo kwambiri achimwene. Mayi akuti lata limodzi la kuchipinda kwawo linatukuka ndi mphepo, mvula ikagwa amasuntha mphasa. Akuti ndisavutike kugula shuga, ndingobwera ndi hamala ndi misomali ya malata.